Chithunzi cha pakhomo la shopu

Lachinayi, 9 Okutobala

Lero kunatentha, ndipo mtima wanga walemera tsiku lonse.

Bambo Chirwa, abwana anga pa shopu ya magemu ku Kawale kuno, apachika chithunzi chachikulu pakhomo. Ndi mkazi wa m'gemu ina ya ndewu, wovala tinsalu tiwiri basi, chiuno ngati cha mavu, mabere oposa mutu. Akuti makasitomala achuluka.

Chondiwawa n'choti mkaziyu ndi amene ndimamusankha ndikamasewera. Ndi wachangu, ndipo ndikakhala naye palibe amandigonjetsa. Masana ndinachinya katatu kasitomala wina, Madalitso wa kabaza. Anangoseka. "Sisi, ine sindimaona ndewu, maso anali kwina. Tatembenukani nanunso tifananize." Onse m'shopumo anafa nalo phwete.

Nditadandaula, Bambo Chirwa anati, "Mwanawe, ndi zojambula chabe. Wafapo ndani?" Ndinawafunsa chifukwa chake amuna a m'gemumo amavala zitsulo mpaka m'khosi, pomwe mkazi akupita kunkhondo ali pafupifupi maliseche. Anati ndikafunse amene anaipanga. Kenako anawonjeza kuti Loweruka pa mpikisano wa magemu ndidzavale zothina, ndidzaime pafupi ndi chithunzicho anthu azidzajambula.

Ndinangobwerera kukathandiza makasitomala. Ntchitoyi ndinaisaka chaka chathunthu.

Nditafika kunyumba amayi anandifunsa za kuntchito, ndinati kuli bwino. Pano akusita siketi yanga yaitali yovala mawa, uku akuimba nyimbo ya kwaya. Loweruka ndi mkuja. Ndikakana, abwana apeza mtsikana wina tsiku lomwelo. Ndikavomera, amayiwa akadzaona zithunzizo pa foni ya wina...