Bhunte wayamba kukweza mwendo

6 Saun, mwezi wa mvula
Mvula tsiku lonse. Bhunte, kagalu ka amayi, lero kakweza mwendo koyamba pokodza. Malo onsewa, kasankha tulasi, kachitsamba komwe eninyumba athu, a Pokhrel, amayatsirapo nyali popemphera. Miyezi isanu ndi umodzi yokha, msinkhu ngati botolo, koma kakudziyesa bambo.

9 Saun
Kwa dotolo wa ziweto. Akuti timagalu tating'ono timatha msinkhu msanga. "Katheneni sabata ino, achemwali. Kakazolowera, mpeni suchotsa chizolowezi." Amayi akanitsitsa. Mwezi uno ngwopatulika, nyama yomwe sitidya, ndiye magazi ayi. Sindinalimbane nawo, ndatopa. Chimwalirire bambo, chowadzutsa pabedi ndi kagalu komweka.

22 Bhadau, mwezi wotsatira
Kachitanso. A Pokhrel andiimitsa pamakwerero: "Galu wanuyu ndi wansembe kapena? Kukacha ali kale pa tulasi wanga." Sanaseke. Akuti kakabwereza kachoke, apo ayi tichoke tonse. Muno mumzinda wa Patan nyumba ina ndiipeza kuti?

14 Asoj
Mwezi wopatulika unatha kalekale. Tsopano amayi akuti lidutse kaye tsiku lolemekeza agalu. "Ndikaveke maluwa kali ndi bala? Mwana iwe ulibe chisoni." M'mawa uliwonse ndisanapite kusitolo, ine ndi ndowa, kutsuka mobisa pansi pa tulasi. Msana ukundiwawa. Nako kagaluko kakungolirira pachipata, akuti kamva fungo la kagalu kakakazi ka kwa atelala.

3 Kattik
Tsiku la agalu lija. Dzulo a Pokhrel anakapezerera, mwendo uli m'mwamba. Lero abwera okha ndi nkhata ya maluwa, akaveka, akapaka dontho lofiira pamphumi, akapatsa dzira, mpaka kugwada. Podzuka akuti, "Lero ndi mlendo wa milungu. Chikondwerero chikatha ndisakaonenso." Ndinawauza kuti dotolo akathena Lolemba. Akuti ndachedwa.

8 Kattik
Pobwera kuntchito ndapeza bokosi lachitsulo la amayi litamangidwa, mbale ya Bhunte pamwamba. Akubwerera kumudzi ku Gorkha, kunyumba yodontha yomwe ndinawachotsako ndi misozi. "Kumeneko palibe wowerenga mikodzo ya galu." Ndinapsa mtima, kenaka ndinalira. Ndinati amayi, nanga ine nditsala ndi ndani? Sanandiyang'ane, amapesa galu wawo. "Iwe muno umangobwera kudzagona."

Basi inyamuka m'mawa. Bokosilo ndiwanyamulira ndine.