Zenera la Kumwera m'Chigafa cha Adada

Amama, kodi kumene muliko mukukhala bwanji?

Kuno ku Embangweni tilipo. Mpongozi wanu NyaMoyo wabereka mwana wamkazi, mphuno ndi yanu yeniyeni. Chimanga chachita bwino, kungoti anankafumbwe alowa kale m'nkhokwe.

Nkhani yaikulu ndi ya Adada. Maso awo achita chifunga. Chaka chatha, choyamba popanda inu, anasakaniza fodya wofiira ndi wachikasu, ndipo kumsika, titaonetsa kale makadi achipani ndi kupsa ndi dzuwa pamzere, anatibwezera mitolo. Apo ndi pamene ndinazindikira kuti zaka zonsezi, mutakhala pambali pawo, munkawanong'oneza mtundu wa tsamba. Munatibisira bwino, Amama.

Achimwene a Suzgo akuti Adada asiye kusankha fodya, azingokhala pakhonde. Ine ndakanitsitsa. Munthu amene anatiphunzitsa kugwira tsamba sangatulutsidwe m'chigafa chake ine ndili moyo.

Poyamba ndinasasula udzu padenga kuti dzuwa lilowe. Zinaipiratu: Adada misozi chuchuchu, tsamba lililonse likuoneka lachikasu. Ndiye ndinakumbukira zija munkandiuza posoka: “Usasankhire ulusi padzuwa, mwana iwe, limanamiza mtundu.” Ndinafoleranso denga, n'kuboola zenera kukhoma la kumwera, kumene dzuwa silisuzumira miyezi yozizira ino. Khoma loyang'anizana nalo ndinalipaka laimu kuti lizibweza kuwala. Kenaka ndinang'amba debe la palafini, n'kulipachika chopendekera pamwamba pa benchi losankhirapo fodya kuti kuwalako kuzigwera m'manja. Linkathobwa m'maso, choncho ndinalikwecha ndi mchenga mpaka linafatsa. A Suzgo ankandiseka kuti ndikumanga tchalitchi cha fodya.

Dzulo m'mawa Adada anakhala pansi n'kuyamba kusankha. Pakamwa pankandiyabwa, koma sindinawanong'oneze kanthu. A Suzgo anafufuza milu yonse osapeza tsamba losokonekera, kenaka anangotenga chingwe n'kuyamba kumanga fodyayo. Adada anandithokoza kuti “yewo, mwana wane” osandiyang'ana, n'kusendera pabenchi, kundisiyira malo kumanzere kwawo, pamene munkakhala inu paja. Sindinakhalepo. Ndinatuluka kukalira kuseri, chifukwa ndakusowani kwambiri.

Ndikudziwa kuti masowo apitiriza kufooka. Akatero ndidzakulitsa zenera, ndidzawonjezera debe lina, ngakhale kugumula khoma lonse ndidzagumula. Adada sachoka pabenchi lija, ndipo malo anu sakhalapo wina. Ndakulonjezani.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiwonge