Kankhupakupa ka mu kompyuta ya Tawina

Bangwe, Blantyre
14 Juni 2015

Okondedwa achemwali a Lufina,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo. Kodi mwendo uja unaleka kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti kachifuwa ka nyengo yozizirayi. Akundilembera ndi a Rute oyandikana nawo nyumba, ndipo ndawauza kuti asadule mawu anga ngakhale dzanja litope.

Nkhani iyi woyamba kundiuza ndi mwana wanu Tawina, Lachiwiri lapitali. Akuti kompyuta yake yafa, ija anajambulira malume a Silvester asanatisiye, akufotokoza malire a dimba lathu la ku Manjawira. Mukudziwa kuti mlandu wathu ndi a kwa Nicholas ukambidwa mwezi wamawa, ndipo mboni yomwe ndakhala ndikudalira ndi mawu amenewo. Ndiye tamvani komwe mwana wanuyu anakaisiya: kwa Cyprian! Yemwe uja anakwatira Veronica, mwana wa a Nicholas omwewo. Akuti ndiye katswiri mu Limbe monse. Ine ndinati inde, fisi nayenso ndi katswiri pa za mbuzi.

Lachitatu ndinapempha tchuthi ku ulonda, n'kukakhala pa benchi m'shopu mwa Cyprian, maso ali pa zala zake. Anandilandira bwino mopitirira muyeso, mpaka tiyi wamkaka. Sindinamwe.

Anatsegula mimba ya kompyutayo n'kundionetsa thabwa lobiriwira, pomwe panamatirira kanthu kakuda ka miyendo isanu ndi itatu, ngati nkhupakupa. Akuti dzina lake ndi tchipi, ndipo ndi kamene kamadzutsa makina onse. Kakafa, zonse zimangogona. Akuti ka mtundu womwewo kanasiya kupezeka, ndiye aikapo ka kampani ina kofanana mphamvu ndi miyendo, atakalembera malangizo omwewo. Ndinamufunsa ngati mkazi wake atachoka angalandire wina poti miyendo ikufanana. Anaseka mpaka misozi, amvekere mawu a malume sakhala m'menemo, amakhala m'nkhokwe ina yomwe sanaikhudze n'komwe. Nanga mkamwini wa a Nicholas akanati chiyani?

Anakachotsa ndi kachitsulo kamoto, utsi uli tolotolo, n'kuwotcherera katsopanoko. Kakaleko ndinakalanda asanakataye. Ndi kamene mukapeze mu envulopu muno nditakakulunga pakansalu. Musakapatse ana. Cyprian anati kompyuta igone m'shopu kuti aiyese bwino. Ndinakana, ndinaifungatira mu minibasi mpaka kunyumba.

M'mawa mwake Tawina anabwera n'kuiyatsa. Inadzuka! Malume anatulukira ndi chipewa chawo chija, akutsokomola ngati kale. Chimwalirireni, palibe amene anali atalimba mtima kuwaonera. A Rute analira chikhalirecho sanawadziwe. Kenaka malume anafika pa za malire. Achemwali, zaka zonsezi ine ndakhala ndikuuza anthu, pamaliro ndi paukwati, kuti malume anati dimba lathu limakafika kumtsinje. Mu kompyutamu akuti limalekeza pachulu. Kuchoka pachulu kutsetsereka ndi kwa a Nicholas, anangotibwereka chaka cha njala. Tinabwereza katatu. Katatu konse, chulu.

Tawina akuti kanthu kaja sikangasinthe mawu a munthu, ndipo milomo ya malume ikugwirizana ndi zomwe zikumveka. Ndinamuyankha kuti milomo ya munthu wopanda mano imagwirizana ndi chilichonse. Khutu langali lasunga nthano zoposa zana, osataya ndi imodzi yomwe. Komabe ndisakunamizeni, chichokereni m'mawa umenewo sindinakambireko munthu nthano.

Pempho langa ndi limodzi. Tsiku lojambula lija inu munali pakhonde pomwepo, mukusenda mbatata. Mundiyankhe msanga, osandinyengerera poti ndine mlongo wanu: malume anati mtsinje kapena chulu? Mukati mtsinje, ndibwera kudzaima pabwalo, ndipo Cyprian ndidzamutchula dzina pamaso pa apongozi ake. Mukati chulu, mundisungire tambala wamkulu. Kwa a Nicholas ndidzapita ndekha, chipewa chili m'manja, pakuti pakamwa pomwe panafalitsa ndi pangapa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Maynard, adzukulu onse, ndi azakhali ku Sharpevale. A kwa Nicholas mubawasungira kaye moni wanga mpaka mutandiyankha.

Ndatha ine mlongo wanu,
Goliati