Mwandichotsetsa pa Mndandanda, Achimwene

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi msana uja unasiya kukuvutani? Ine m'thupi ndili bwino. Amayi ndinalankhula nawo Lamlungu, akuti miyendo yachepako kutupa. Za moni zathera pamenepa. Tsopano khalani pansi, chifukwa ndakwiya nanu kwambiri.

Mafoni anu onse aja sindinawaphonye ayi. Foni imanditchulira dzina lanu bwinobwino, ine n'kuisiya ilire mpaka itope.

Lolemba ndinapita ku chipinda cha makompyuta cha ophunzira olumala, kuno ku yunivesite. Inu simunalowemo, ndiye ndikuuzeni. Chili pansi m'nyumba ya laibulale, masitepe palibe. Muli makina amene amajambula tsamba la buku kuti kompyuta ilithe kuwerenga, ena osindikiza zilembo za madontho omwe amasokosa ngati telala ali pa changu, ena okuza zilembo kwa anzathu oona pang'ono. Pakona pafupi ndi zenera pali kompyuta yolankhula, imene ndakhala ndikugwiritsa ntchito zaka zitatu. Amayi anaipatsa dzina loti Kalongolola, chifukwa akandiimbira foni amaimva ikubwebweta kumbuyo.

Ndinapita kukatsimikiza mpando wanga wa mayeso omaliza. Makompyuta olemberapo mayeso alipo anayi okha, ndipo ofuna ndi ambiri. Mayi woyang'anira chipindacho, amene timawatcha Amakiyi chifukwa umawamva akadali kutali, anandigwira mkono n'kunena kuti dzina langa palibe pa mndandanda. Akuti achimwene anu anatilembera imelo yaulemu kwambiri, kupempha kuti mchemwali wawo wosaona asamavutike ndi makina, apatsidwe munthu womulembera. Akuti popeza pa fomu ya chaka choyamba munasayina ndinu ngati wondiyang'anira, iwo anangomvera.

Achimwene, munandifunsa? Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndikumaliza maphunziro a zamalamulo, mawa lino ndidzakhala ndikuyankhulira anthu m'khoti, koma inu mwaona kuti za mayeso anga ndisayankhule ndekha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu mwathamangira kutsekula chitseko m'mimba muli mwanga.

Ndinakalipa m'chipinda muja mpaka makina a madontho anazimitsidwa kuti anthu amve bwino. Amakiyi ndinawafunsa ngati ofesi yawo imathandiza ophunzira kapena achibale a ophunzira. Ndinawafunsa chinawavuta n'chiyani kudikira ndibwere, pomwe ndimakhala mmenemo tsiku lililonse ngati mpando. Anayankha kuti iwo amatsata fomu. Fomu! Katswiri wa makompyuta, bambo wofatsa amene anandiphunzitsa kuyendetsa Kalongolola ndi mabatani okha, anangotsokomola n'kunena kuti iye anadabwa ataona dzina langa lafufutidwa, koma palibe anamufunsa. Zikuoneka kuti kusafunsa ndi matenda ofala.

Mukudziwa kodi kulemberedwa mayeso kumakhala bwanji? Ndinalawa chaka choyamba, ndisanaphunzire kompyuta, ndipo sindinakuuzeni. Umakhala ndi munthu wosamudziwa, iwe n'kumayankhula iye n'kumalemba. Ukafuna kubwerera pa ndime yoyamba, umachita kupempha kuti akuwerengere. Ukapempha kachitatu, umamva akupuma mozama, mpando ukulira, zala akuthyolathyola. Munthu anali wabwino, sanandinyoze. Koma ndinayamba kumumvera chisoni dzanja lake, n'kumadula mayankho anga kuti apume. Mfundo zinayi ndinkanena ziwiri. Phunziro limenelo ndinalephera, ndipo kwa inu ndinanama kuti ndinadwala.

Kalongolola sapuma mozama. Ndikamuuza abwereze ndime kakhumi, amabwereza kakhumi. Ndimafufuta, ndimasuntha mawu, ndimamva pamene ndaiwala mpumiro. Chilembereni pa iyeyu sindinalepherepo phunziro ngakhale limodzi.

Pano ndivomere mbali yanga, ngakhale zikundiwawa. Mwezi watha kompyuta inazima ndili pakati pa ntchito, ndipo ndinakuimbirani ndikulira kuti makina amenewa andipha. Katswiri uja anakonza m'mphindi khumi, ntchito yanga yonse inalipo, koma zimenezo sindinakuuzeni. Ndinazolowera kukuuzani zovuta zokhazokha, chifukwa ndikadandaula mawu anu amafewa ngati kale, pamene munkandipereka ku sukulu nditagwira malaya anu kumbuyo. Ndinkafuna mundipepese basi. Sindinkafuna mundikonzere moyo. Ndiye ndine amene ndakupatsani maganizo oti ndidakali kamwana kogwira malaya, ndipo pamenepo ndalakwa.

Koma kulakwa kwanga sikukuchotserani kwanu. Mukanangoimba n'kundifunsa kuti kodi ndilembe, ndikanakuletsani pomwepo.

Mukukumbukira nsapato zija munkanditumizira ndili ku sekondale? Zinali zazing'ono. Makalata anga nthawi imeneyo ankandilembera ndi azakhali, ndipo ndinawauza kuti alembe kuti nsapato zikundiluma, mutumize zokulirapo. Iwo anaona kuti kutero n'kupanda ulemu kwa munthu wovutika kutali, ndiye analemba kuti zikomo, zandikwana bwino. Munatumiza saizi yomweyo zaka zitatu, ine n'kumayenda chotsimphina. Ndinadziwa mochedwa, azakhali atandiuza okha akuseka. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Azakhali amandikonda, inunso mumandikonda, wolembera mayeso uja analibe nane chifukwa. Nonsenu ndinu anthu abwino, ndipo nonsenu mwandivekapo nsapato zothina.

Nali pempho langa. Mndandanda utsekedwa Lachisanu masana. Amakiyi akuti akuluakulu awo sangabweze dzina langa pokhapokha amene analemba imelo ija atalembanso ina yoibweza. Zopusa, koma ndi mmene ziliri, ndipo nkhondo ya lamulo limeneli ndidzamenya mayeso akatha. Mukachedwa, mpando wanga upita kwa wina amene akudikira, ndipo sindidzakhala ndi mtima wokamulanda mnzanga wolumala ngati ine. Ndidzalowa m'mayeso omaliza ndi munthu wopuma mozama, ndipo zaka zinayi zikhoza kupita m'madzi. Lembani mizere iwiri yokha: kuti munalakwitsa, ndi kuti mchemwali wanu amadziyankhulira yekha. Musawonjezere zothokoza zambirimbiri, ndikukudziwani.

China, kuti musamvere kwa ena: ndadzaza fomu yatsopano, ndipo dzina lanu ndalichotsa pa malo a wondiyang'anira. Ndaliika pa malo a munthu woimbiridwa ndikadwala. Pamenepo ndikukufunani, ndipo palibe wina amene ndingamuikepo.

Mwina mukudabwa kuti mchemwali wanu wofatsa uja wapita kuti, amene makalata ake ankadzaza ndi zikomo. Sanapite kulikonse, Achimwene, kungoti simunamuwerengepo. Chibwerereni kuno takhala tikungolankhula pa foni, ndipo mawu anu akafewa anganso amafewa. Kalata iyi ndiyo yoyamba kukufikani yosadutsa m'manja mwa munthu wina. Ndailemba ndekha pakona pa zenera paja, Kalongolola wandiwerengera kawiri konse, mawu aukali ndi omwe, ndipo sanandiuze kuti ndichepetse. Ndafufuta liwu limodzi lokha, loti akanalimva Amayi akanakomoka.

Mulungu akusungeni pa ntchito yanu, akuchizeni msanawo. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo muwauze kuti asakupatseni chakudya Lachinayi musanatumize imeloyo. Ana muwapsompsone m'malo mwanga. Amakiyi akangondiuza kuti dzina langa labwerera, foni yanu ndidzaiyankha ikangolira kamodzi.

Ndine mchemwali wanu wokwiya,
wodzilembera yekha.