Mtsempha Umene Unkandithetsera Banja

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Joni pamodzi ndi alamu. Ife kuno kwa Mkhumba tili bwino, kungoti amayi akudandaulabe mawondo.

Achimwene, zikomo pondikakamiza kupita kuchipatala. Paja munamva kuti amalume ake a mkazi wanga anafika pondiuza kuti, "Ngati mphatso palibe, nyamulani khasu lanu mubwerere kwanu." Ine manyazi ndi amene ankandiletsa kukaonetsa kutupa kwa kumaliseche kuja.

Ku Phalombe ananditumiza ku Blantyre. Dokotala atandiyeza ndili chiimire, anati, "Bambo, mitsempha yobweza magazi kumtima ili ndi titseko. Tanu ta kumanzere sitikutseka, ndiye magazi akubwerera n'kudikha pansipa. Kutentha kwake ndiko kukufooketsa mbewu. Timanga mtsempha wotupawo."

Ndinachita mantha. Ndinati, "Mukamanga, nanga magaziwo adzera kuti?" Iwo anaseka, nati, "Ilipo mitsempha ina yabwinobwino, adzera mmenemo."

Anandichita opaleshoni chakumunsi kwa mimba, ndipo bala linapola msanga. Ululu umene unkandigwira ndikapalasa njinga unatheratu. Mlamu wanu anandisamala osadandaula, ngakhale anzake ankamuuza kuti andisiye.

Tsono nkhani ndi iyi: mlamu wanu ndi woyembekezera. Tsiku limene anandiuza, ndinakhala pansi m'munda wa chinangwa n'kulira ngati mwana.

Mukamabwera pa Khirisimasi mutitengereko kabulangete kofunda. Dzina mudzatchula ndinu, choncho yambani kuganiza.

Mulungu akusungeni kuntchitoko.

Ine mng'ono wanu,
Fanuel