Mkazi wa "L" ndi Mkazi wa "R"

Make mwana,

Pepani, ndatuluka musanabwere kuchokera kumsika. Andiimbira a ku ofesi ya ma viza. Akuti pa pasipoti dzina lanu lili ndi "r", koma pa setifiketi yathu ya ukwati lili ndi "l". Ndawauza kuti dzina ndi lomwelo, ife timatchula chimodzimodzi. Mayi wa pafoniyo wandiyankha kuti, "Bambo, kwa ife amenewa ndi akazi awiri. Mukupita ndi uti?" Mutu wanga waima.

Ndathamangira komweko, chifukwa zikapanda kukonzeka pofika Lachisanu, ndege ndikwera ndekha. Inu fufuzani kalata yanu yobadwira. Ili m'katoni yomwe ndinalembapo "mapepala", kapena mwina ija ya "nsapato", poti nditamata kale tepi ndinazindikira kuti ndasinthanitsa zolembazo. Mukaipeza, muijambule munditumizire. Ogula bedi akabwera muwauze adikire kaye, sindikudziwanso ngati tikusamukadi.

Muwaimbirenso amayi anu, muwafunse kuti dzinali anakupatsani ndi chilembo chiti. Zaka khumi ndi ziwiri m'nyumba imodzi, lero ndikufuna ndidziwe amene ndinakwatira.

Ndine bambo a mwana, mwamuna wa mmodzi wa inu.