Ana Awiri Amene Munakana Kuwawerenga

Amayi, mwaswera bwanji kumene muliko? Ndafunsa chifukwa munandilera kuti ndizipereka moni, koma ndakukwiyirani ndipo sindibisa.

Ndiyambe ndi zakumudzi, mungati mwana uyu alibe mwambo. Chichokereni inu chaka cha chimanga chachikasu chija, njovu zalowa m'munda mwanu ku Nsefu katatu. Chaka chino zatisiyira mapesi okha, koma thonje lachita bwino. Mlongo wanga Yelesani anapeza ntchito yophika pa kampu ya alendo ku Nkwali, wanenepa mpaka khosi silioneka. Mkazi wake anachira mwezi wa Juni, mwana wamwamuna, makutu ake ndi anu enieni. Denga la khitchini yanu linagwa, ndipo palibe walikonza.

Ine ndikadali pa kachipatala kaja kufupi ndi bwalo la ndege, pa ntchito imene munkaiseka. Munkati, "Felesiya amachiritsa mapepala." Anamwino akamaliza kulemba makhadi a amayi apakati, amawabweretsa patebulo langa, ine n'kutsegula buku lalikulu la manambala a matenda n'kuika nambala yoyenera pa khadi lililonse. Mimba yopanda vuto ndi V22. Mimba yoopsa, monga ya mayi amene anapitapo padera kapena kukomoka pobereka, ndi V23. Amayi a V23 timawalemba pamndandanda kuti galimoto iwatenge mvula isanayambe, akakhale ku nyumba yodikirira pafupi ndi chipatala chachikulu. Mukudziwa nokha kuti mitsinje ikadzaza, wa ku Nsefu sawoloka ngakhale akhale ndi njinga yatsopano.

Sabata yatha linafika khadi la Tiyese, mng'ono wanga, chitsirizira chanu. Analembapo kuti mimba yachitatu, ana amoyo awiri, zovuta palibe. Amayi, mimba imeneyi ndi yachisanu. Tiyese ananama ku sikelo, ndipo bodza limenelo munamuphunzitsa ndinu.

Musaiwale kuti ndinalipo. Ulendo woyamba uja miyendo yake inatupa mpaka nsapato kukana, kenako anagwa n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu, inu mutamupanikiza mapewa. Mwana anabadwa ali zii. Munamukulunga m'chitenje chakale, inu ndi amayi aang'ono a Belita n'kupita naye kudambo. Mutabwera munasamba m'manja n'kutiuza kuti, "Mwana amene sanalire sitimutchula, sitimulira, sitimuwerenga. Ukamuwerenga waitana mnzake." Sitinamuwerenge, koma mnzakeyo anabwerabe chaka chotsatira, ndi magazi odzaza beseni. Tsiku limenelo ndinaona maso a Tiyese akutembenuka, inu mukundikalipira kuti ndisiye kulira chifukwa anansi amva.

Pa ntchito yanga sindiloledwa kuika nambala ya m'mutu mwanga. Ndimatsata zimene anamwino alemba, basi. Ndinakhala ndi cholembera m'manja kuyambira 10 koloko mpaka nthawi ya nkhomaliro, ndikudziwa kuti ndikalemba V22 mng'ono wanga akachilira kumudzi, madzi atatseka njira. Ndiye ndinanyamuka n'kukagogoda kwa azamba, ndipo ndinawauza zonse: kutupa, kukomoka, magazi, ana awiri a kudambo aja. Anamuitanitsa Tiyese mawa lake, anamuyeza, n'kupeza kuti magazi akuthamanga kale kuposa muyeso. Khadi analilembanso, ndipo V23 ndinaiika ndi dzanja langa, ndi inki yofiira.

Titatuluka, Tiyese anandiyang'ana ngati mfiti. Anati, "Akulu, mwafukula ana anga. Amayi akanakhala moyo simukanayerekeza." Chimene chikundiwawa n'chakuti ananena zoona. Ndinkakuopani. Kawiri konse ndinatseka pakamwa, ine amene ndinapita kusukulu, chifukwa diso lanu linali lokwanira kundikhalitsa pansi. Ndadikira mpaka mutalowa m'manda kuti ndilankhule, ndipo ndimadzida nazo.

Tsopano a Belita akuyenda khomo ndi khomo kunena kuti ndaitanira mng'ono wanga imfa. Mwamuna wa Tiyese, chitsiru chija munachikonda chifukwa chinkakubweretserani nsomba, akungoti zimenezo n'za azimayi. Tiyese mwiniwake sandiyankha moni. Akuti ku nyumba yodikirira sapita, chifukwa inu munabereka ana onse pamphasa ndipo palibe chinachitika.

Palibe chinachitika? Pakati pa Yelesani ndi ine pali zaka zisanu ndi chimodzi, Amayi. Ndaona makhadi ambiri, ndipo mpata ngati umenewo ndimaudziwa. Munabisa angati? Munawalira kuti, poti ife sitinakuoneni? Mwina nanunso wina anakutsekani pakamwa muli mtsikana, ndipo ndikaganiza zimenezo mtima umafuna kufewa. Koma sindiulola, chifukwa inu munamva kuwawa kwake, n'kupatsirabe mwana wanu lamulo lomwelo osachotsako kanthu.

Mitambo yayamba kale kusonkhana kumapiri, ndipo galimoto ibwera Lachinayi. Tiyese akuuza anthu kuti mumamubwerera kumaloto. Ngati n'zoona, muuzeni akwere. Ngati simungathe kunena zimenezo, khalani chete, munalankhula zokwanira muli moyo. Ine ndapempha tchuthi. Lachitatu ndipalasa njinga mpaka ku Nsefu, ndikamanga katundu wake ndekha, ndipo ndikakhala pakhomo pake mpaka atakwera. Anditukwane, a Belita andilavulire, andide mpaka kukalamba, bola akalambe.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale lero ndikulemba ndi mkwiyo. Manda anu ndidzalambula mvula ikatha, monga ndimachitira. Muli kale ndi adzukulu awiri kumeneko, alereni amenewo. Tiyese ndi mwana wakeyu simuwaona chaka chino, ndalonjeza.

Ndine mwana wanu,
Felesiya